Kumva za Mumtima mwa Wina ndi Kuthetsa Mikangano

Kumva za mumtima mwa wina ndi luso limene munthu amazindikira nalo chimene mnzake akumva, kudziwa chamufikitsa pamenepo, ndi kulola kuti zimenezo ziwongolere mawu ndi zochita zake. Akatswiri a za maganizo a anthu amaona mbali zitatu mu lusoli. Pali kugwidwa m'thupi ndi chimene chagwira wina, monga zimachitikira munthu akafika pasiwa misozi n'kulengeza, chonsecho malemuyo sankamudziwa. Pali kuganiza, pamene munthu amayesa kuona nkhani mmene mnzakeyo akuionera, poganizira zimene iyeyo akudziwa ndi zimene sakudziwa. Ndiye pali kukhudzika kumene kumadzutsa munthu pampando kuti akachitepo kanthu. Mbali zimenezi siziyenda limodzi nthawi zonse. Kathyali amawerenga bwino mantha ndi zilakolako za munthu amene akufuna kumudyera, koma mtima wake sugunda nazo. Wina amalira ndi olira mpaka kulefukiratu, osathanso ngakhale kutunga madzi a pamaliropo.

Lusoli n'losiyana ndi kumvera munthu chisoni. Womvera chisoni amatha kuima patali, kupukusa mutu, n'kupitiriza ulendo wake, ndipo nthawi zina chisoni chakecho chimachepetsa amene akumveredwayo. N'losiyananso ndi kuvomereza. Mfumu ikamvetsa chimene chachititsa mnyamata kusuntha malire a munda, sikuti yagamula kuti mnyamatayo wakhoza. Kusiyana kumeneku n'kofunika kwambiri, chifukwa anthu ambiri okangana amakana kumvetserana poopa kuti akangomvetsa mnzawo ndiye kuti agonja.

Chiyambi chake mwa mwana ndi mu ubongo

Munthu amabadwa nacho chiyambi cha lusoli. Mu 1971 Marvin Simner wa ku America adapeza kuti makanda a masiku ochepa chabe amalira akamva khanda lina likulira, kuposa mmene amachitira akamva phokoso lina lokwera chimodzimodzi. Khandalo silidziwa n'komwe kuti wolirayo ndi wina, kulirako kumangolilowa. Mwana akapitirira chaka chimodzi amayamba kutonthoza ena: amasisita mayi ake akaona akulira, kapena kupatsa mnzake chidole. Martin Hoffman, amene adafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, adafotokoza za kamnyamata ka miyezi 14 kamene kataona mnzake akulira kadamugwira dzanja n'kupita naye kwa mayi ake a iko, pamene mayi a wolirayo adali pomwepo. Kamnyamatako kadali ndi mtima wabwino, koma kadapatsa mnzake chimene chimatonthoza iko, osati chimene mnzakeyo ankafuna. Cholakwa chimenechi sichithera ku ubwana. Akuluakulu ambiri amakalamba nacho, ndipo mikangano yambiri ya m'banja ndi ya pantchito imaphukira pamenepa.

Kuzindikira kuti m'mutu mwa wina muli zina kumabwera mochedwerapo. Mu 1983 Heinz Wimmer ndi Josef Perner, ku Austria, ankaonetsa ana kasewero ka zidole: mnyamata aika chokoleti m'kabati n'kutuluka, mayi ake n'kuchisamutsira m'kabati ina iye kulibe. Akafunsidwa kumene mnyamatayo akayang'ane pobwerera, ana a zaka zitatu ankaloza kumene chokoleticho chasamutsidwira, pakuti kwa iwo chimene akudziwa iwo, aliyense akuchidziwa. Kuyambira zaka zinayi kupita m'tsogolo ndi pamene ambiri ankayankha molondola.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, gulu la Giacomo Rizzolatti pa yunivesite ya Parma ku Italy lidapeza kuti mu ubongo wa apusi a mtundu wa macaque muli maselo amene amagwira ntchito pusi akatola chakudya, ndipo amagwiranso ntchito pusiyo akangoona wina akutola. Nkhaniyi idatchuka kuposa mmene umboni wake unkalolera, ndipo akatswiri akutsutsanabe za gawo la maselowa pa kumvana kwa anthu. Umboni wogwirika udachokera ku London mu 2004, kumene Tania Singer ndi anzake adayesa akazi 16 pamodzi ndi okondedwa awo. Mkazi ankagona m'makina ojambula ubongo, mwamuna atakhala pambali. Nthawi zina magetsi opweteka ankalasa dzanja la mkaziyo, nthawi zina la mwamunayo. Mbali za ubongo zimene zimamva kuipa kwa ululu, makamaka yotchedwa insula, zinkadzuka pa zonse ziwiri. Koma mbali imene imauza munthu malo enieni amene apweteka pathupi inkadzuka pokhapokha ululu ukakhala wa mkaziyo mwini.

Kafukufuku wotsatira adaonetsa kuti kumva kumeneku kumasankha. Mu 2010, ku Zurich, Grit Hein ndi Singer yemweyo adayesa anthu ochemerera mpira. Womva ululu akakhala wa timu yawo, ubongo wawo unkakhudzidwa kwambiri, ndipo ankalolera msanga kulandirako theka la ululuwo kuti mnzawo apepukidwe. Akakhala wa timu yopikisana nayo kukhudzidwako kunkachepa, ndipo mwa ena munkadzuka mbali ya ubongo yokhudzana ndi chisangalalo. Ngati mpira wokha ungachite zimenezi, kuli bwanji mtundu, chipembedzo, chipani kapena chigawo. Vuto lenileni lagona apa: pa mkangano, munthu wofunika kumvedwa ndi yemweyo amene mtima wamutulutsa kale m'gulu la anthu ake.

Kungoganizira ndi kufunsa

Langizo lofala n'lakuti munthu adziyerekeze kuti iye ndiye mnzakeyo. Adam Smith adalemba zotero mu 1759, kuti popeza munthu sangalowe m'thupi la mnzake, amangoyerekeza mmene iye akadamvera zikadamugwera. Mwambi wakuti mnzako akapsa ndevu mzimire mawa adzazima zako umaphunzitsa zofanana. Kuyerekezaku kumafewetsa mtima, koma sikuuza munthu zoona zenizeni za mnzake. William Ickes wa ku Texas ankajambula anthu awiri akucheza, kenako n'kuuza aliyense kuti alembe zimene ankaganiza pa mphindi zosiyanasiyana, ndiponso zimene akuona kuti mnzake ankaganiza. Anthu osadziwana ankalondola pafupifupi 20 pa 100 iliyonse. Mabwenzi a ponda apa m'pondepo ndi anthu okwatirana ankangofika cha m'ma 30 kapena 35. Mu 2018 Tal Eyal, Mary Steffel ndi Nicholas Epley adasindikiza zotsatira za mayeso 25: kuuza anthu kuti adziyerekeze kuti ndi mnzawoyo sikudawathandize kulondola, ndipo nthawi zina kunkangowachititsa kudzikhulupirira kwambiri. Chimene chidathandiza chidali chapafupi, kumufunsa mwiniwakeyo ndi kumvetsera yankho lake.

Zimenezi zikukhudza makamaka anthu amene akhala limodzi zaka zambiri. Mawu akuti "ameneyu ndimamudziwa" amatseka khomo la funso, ndipo munthu amayamba kuyankha mnzake wa m'mutu mwake m'malo mwa amene wakhala patsogolo pake.

Carl Rogers, katswiri wa uphungu wa ku America amene adakhala ndi moyo kuyambira 1902 mpaka 1987, ankaona kuti chotchinga chachikulu pakati pa anthu ndi chizolowezi choweruza mawu a wina asanawamve. Mu 1951 adapereka lamulo limodzi loyesera pa mkangano: aliyense asanene zake kufikira atabwereza maganizo ndi zomva mumtima za amene wangomaliza kulankhula, ndipo abwereze mpaka mwiniwakeyo atavomera kuti ndi zimenezodi. Lamuloli limamveka lophweka, koma amene adaliyesapo amadziwa kulemera kwake. Wina akamalankhula, womvetsera nthawi zambiri amakhala akusula yankho, ndipo akauzidwa kuti abwereze zimene wamva, amapezeka kuti wagwira theka lokha. Akayesa kubwereza mokhotetsa kuti mawu a mnzake amveke opusa, mwiniwake amakana. Woweruza ngati wamvedwa kapena ayi ndi wolankhulayo, osati womvetsera, ndipo mphamvu yonse ya lamuloli ili pamenepo. Rogers adanenanso poyera kuti pamafunika kulimba mtima, chifukwa munthu amene wamvetsadi mnzake akhoza kupezeka kuti iye mwini wasintha maganizo.

Chitsanzo cha m'nyumba chingathandize. Mayi apeza kuti mwamuna wake wagulitsa matumba awiri a chimanga osamuuza, ndalama n'kutumizira mlongo wake wodwala. Mayiyo akuti, "Inu mumangochita zinthu ngati m'nyumba muno mulibe munthu." Yankho lofulumira n'lakuti, "Ndiye mumafuna mlongo wanga afe?" ndipo likangotuluka, nkhani imasanduka ya achibale a uyu ndi achibale a uyo. Bamboyo akati ayambe wabwereza, mwina anena kuti, "Mukudandaula kuti chakudya chitithera tisanakolole." Mayiyo akana: "Ayi, si zimenezo." Ayesanso: "Chakuwawani n'chakuti tidalima tonse, koma pogulitsa sindidakufunseni." Apo mayiyo avomera. Zikuoneka tsopano kuti mkangano sudali pa chimanga kapena pa wodwalayo, ndipo mwina mayiyo akadafunsidwa akadalola. Ikafika nthawi ya bamboyo, nayenso amatulutsa chake chimene chidabisala pansi pa ukali: mantha akuti abale ake anganene kuti adadyetsedwa n'kuiwala kwawo. Palibe mwa awiriwa amene akadalota yekha chimene chinkamuwawa mnzake.

Pali zizolowezi zina zazing'ono zimene zimapha kumvetsera ngakhale mtima uli wabwino. Kuthamangira kulangiza ndi chimodzi. China ndi kulanda nkhani ndi mawu akuti "inenso zidandichitikirapo", amene amachotsa maso pa wovutikayo n'kuwaika pa wotonthoza. Chinanso ndi kuchepetsa vuto pofuna kulimbikitsa, monga kuuza mayi amene wapita padera kuti akadali wamng'ono, adzaberekanso. Mwambo wa pamaliro umadziwa bwino zimenezi: wobwera amagwira chanza anamfedwa, kunena "pepani", n'kukhala pansi, ndipo amatha kuchezera usiku wonse osawonjezerapo mawu ambiri.

M'banja ndi pabwalo

John Gottman wa pa yunivesite ya Washington ku Seattle adakhala zaka zambiri akuonerera mabanja akukangana, uku akuyeza kugunda kwa mitima yawo. Adapeza kuti kukangana pakokha sikupasula banja. Chimapasula ndi kakanganidwe. Adatchula zizolowezi zinayi zoopsa: kunyoza khalidwe lonse la munthu m'malo modandaula za chinthu chimodzi chimene wachita, kudzitchinjiriza nthawi zonse, kungokhala duu ngati sakumva, ndi kupeputsa mnzake ndi tsinya, chipongwe kapena kuseka konyogodola. Kupeputsaku ndi kumene adapeza kuti kumalosera kwambiri kutha kwa banja, ndipo n'zomveka, pakuti munthu sangafunse za mumtima mwa amene amamuona kuti ndi wachabechabe. Gottman adaonanso kuti mtima ukamagunda kupitirira ka 100 pa mphindi, munthu satha kumvetsera bwino, ndipo thupi limafuna mphindi zosachepera 20 kuti libwerere m'malo. Akuluakulu akamati nkhani igone kaye, si kuzemba ayi. Kuzemba kumayamba ngati nkhaniyo siidzutsidwanso m'mawa.

Pakati pa Achewa, Amang'anja ndi mitundu ina ya m'Malawi, ntchito yomvetsera m'banja idapatsidwa kwa ankhoswe. Pachinkhoswe mbali ya kuchimuna ndi ya kuchikazi zimapatsana tambala ndi thadzi, ndipo kuyambira pamenepo aliyense mwa okwatiranawo amadziwa kumene angakatule nkhawa. Nzeru ya mwambowu ndi yakuti munthu wokwiya amayamba wamvedwa ndi wa kwawo, amene samuopa, asanakumane ndi mnzake. Nkhoswe waluso amamva zonse, ngakhale zotukwana, koma pokatula nkhani kwa nkhoswe mnzake amasiya zotukwanazo n'kunyamula dandaulo lenileni. Pokumana onse amafunsa aliyense ngati zimene zanenedwa m'malo mwake ndi zimenezodi. Nkhoswe wosadziwa ntchito yake amafika ndi chigamulo m'thumba, amamva mbali imodzi, kapena amangobwereza malangizo a pa tsiku la ukwati ngati kuti onse okangana ali ndi vuto limodzi.

Pabwalo la mfumu napo wodandaula amapatsidwa mpata wofotokoza mpaka amalize, woyankha chimodzimodzi, nduna n'kumafunsa pamene sipakumveka. Nkhuku kapena mbuzi ya chipepeso simalipira zonse zimene zawonongeka. Imasonyeza pamaso pa mudzi kuti wolakwayo wavomera kuti mnzake adapwetekadi. Bwalo limachita khama chotere chifukwa okanganawo mawa akumana pamjigo umodzi, ndipo adzaikana maliro.

Chimene chili pansi pa zonena

Pa mkangano uliwonse pali chimene munthu akunena kuti akufuna, ndi chifukwa chimene akuchifunira. Zonenazo zimatha kuwombana mwakuti palibe pokumanira, pamene zifukwa zake siziwombana. Mu September 1978 pulezidenti Jimmy Carter wa America adasonkhanitsa Anwar Sadat wa Egypt ndi Menachem Begin wa Israel ku Camp David kwa masiku 13. Pakati pawo padali chipululu cha Sinai, chimene Israel idalanda pa nkhondo ya mu 1967. Egypt inkafuna dera lonse, Israel inkafuna kusungako mbali, ndipo mapu alionse ogawa dzikolo ankakanidwa. Roger Fisher ndi William Ury, m'buku lawo la mu 1981 lonena za luso lokambirana, adafotokoza kuti njira idaoneka poyang'ana zifukwa. Israel inkaopa akasinja a Egypt pa malire ake. Kwa Egypt, Sinai lidali dziko lake kuyambira nthawi ya mafarao, ndipo kusiyako ngakhale kachigawo kudali kunyozeka. Adagwirizana kuti Sinai ibwerere kwa Egypt, koma asilikali ndi zida zichepetsedwe kwambiri m'madera oyandikira Israel.

Carter adasimbanso za tsiku lomaliza, zokambirana zitatsala pang'ono kusweka. Begin adali atapempha zithunzi za atsogoleri atatuwo kuti akapatse zidzukulu zake. Carter atapeza mayina a anawo, adalemba dzina la mwana aliyense pa chithunzi chake. Begin atawerenga mayinawo misozi idalengeza, adayamba kukamba za anawo, ndipo tsiku lomwelo pangano lidasainidwa. Zithunzi sizidathetse nkhani ya Sinai, ndipo panganolo silidathetse mavuto a Apalestina. Sadat adaphedwa mu 1981 ndi anthu a m'dziko lake lomwe. Komabe mgwirizano wa mtendere wa Egypt ndi Israel wa mu 1979 udakalipo.

Chitsanzo chapafupi ndi cha Mozambique, kumene nkhondo ya boma la Frelimo ndi Renamo idapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo oposa 1 miliyoni adathawira ku Malawi, m'maboma monga Nsanje, Chikwawa, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. Zokambirana zidayamba mu July 1990 ku Rome, kunyumba ya gulu la Akatolika la Sant'Egidio. Amkhalapakati adali Andrea Riccardi, wansembe Matteo Zuppi, Mario Raffaelli woimira boma la Italy, ndi Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira. Adalibe asilikali kapena chuma chokakamizira wina aliyense. Adali ndi nthawi ndi makutu. Kwa zaka zambiri boma linkatchula a Renamo kuti zigawenga, ndipo a Renamo sankavomereza kuti bomalo ndi boma. Chikalata choyamba chimene nthumwi za Armando Guebuza wa boma ndi za Raul Domingos wa Renamo zidagwirizana chidanena kuti mbali zonse ziwiri ndi ana a dziko limodzi, a banja limodzi la Mozambique. Kwa wongomva, mawuwo adali ochepa. Kwa okhala pa tebulolo adali maziko a zonse.

Zokambiranazo zidatenga miyezi 27, ndipo ambiri ankadandaula kuti anthu akufa uku nthumwi zikuchedwa ndi mawu. Amkhalapakati adazindikira kuti pansi pa kuumirira kwa Renamo padali mantha: akatula zida, n'chiyani chiwateteze? Panganolo lidayankha mantha amenewo ndi kusandutsa Renamo chipani chovomerezeka, kukonza gulu lankhondo latsopano lochokera mbali zonse ziwiri, ndi kuitana United Nations kudzayang'anira. Pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama adasaina pa 4 October 1992, chisankho chidachitika mu 1994, ndipo othawa nkhondo adabwerera kwawo. Mfuti zidaliranso m'chigawo chapakati kuyambira 2013, mpaka pangano lina lidasainidwa mu 2019, zimene zikusonyeza kuti madandaulo ena adatsala osamvedwa.

Malire ake

Lusoli lili ndi malire, ndipo kuwabisa n'kupusitsa anthu. Paul Bloom, m'buku lake la mu 2016, adatsutsa kuti kumva ululu wa wina kumakondera: kumagwira msanga pa mwana mmodzi wodziwika dzina kuposa ana zikwi osaoneka nkhope, ndiponso pa wofanana ndi munthu kuposa mlendo. Oyambitsa ziwawa amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amasimba mokhudza mtima za kuzunzika kwa anthu a mtundu wawo pofuna kudzutsa chidani pa mtundu wina. Anamwino, aphungu ndi ena okhala pakati pa ovutika tsiku ndi tsiku amathanso kutopa mpaka kuuma mtima. Singer ndi Olga Klimecki adapeza kuti kungosenza ululu wa ena kumalefula, pamene kuphunzira kuwafunira zabwino ndi kuchitapo kanthu kumapatsa mphamvu.

Malire ena ndi a mphamvu. Pamene wina akumenya mnzake, si mkangano wa anthu awiri ofanana. Mawu akuti banja ndi kupirira abwezera amayi ambiri m'manja mwa owazunza, atauzidwa kuti amvetse kuti bambo adatopa kapena adaledzera. Kumvetsa kotero kumayenda njira imodzi yokha, kuchoka kwa wofooka kupita kwa wamphamvu, ndipo n'kupanda chilungamo. Malawi ili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006, ndipo kupolisi kuli nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Nkhoswe womva bwino za mumtima mwa womenyedwa ndi amene amadziwa kuti nkhani yafika pofunika kupita kumeneko.

Kumvetsa sikufafanizanso mlandu, ndipo palibe woyenera kukakamizidwa kukhululuka. Ku South Africa, komiti yofufuza zoona za nkhanza za nthawi ya tsankho ndi kuyanjanitsa anthu imene Desmond Tutu adatsogolera kuyambira 1996 idalandira maumboni oposa 21,000. Mwa anthu oposa 7,000 amene adapempha chikhululukiro cha boma, 849 ndi amene adachilandira. Makolo a Amy Biehl, mtsikana wa ku America amene adaphedwa ku Gugulethu mu 1993, adamvetsera achinyamata amene adamupha, sadatsutse kuti amasulidwe, ndipo awiri mwa iwo adadzagwira ntchito m'bungwe lokumbukira mwana wawoyo. Banja la Steve Biko, womenyera ufulu amene adafera m'manja mwa apolisi, pamodzi ndi mabanja ena, lidapita kukhoti lalikulu loona za malamulo a dziko kukatsutsa zoti opha anthu azikhululukidwa, ndipo lidalephera. Mabanja onsewa adali ndi ufulu wosankha mmene adasankhira.

Mmene limaphunzitsidwira

Kungosonkhanitsa anthu odana sikukwanira. Mu 1954 Muzafer Sherif adagawa anyamata 22 m'magulu awiri pa msasa wa Robbers Cave ku Oklahoma, n'kuwapikisanitsa mpaka adadana. Atawaika m'chipinda chimodzi chodyera adagendana ndi chakudya. Chidani chidayamba kutha atakumana ndi mavuto ofuna onse: madzi atasiya kutuluka, ndiponso galimoto yokatenga chakudya itakana kulira n'kufunika kuikoka ndi chingwe. Chaka chomwecho Gordon Allport adalemba kuti kukumana kumachepetsa tsankho ngati okumanawo akutengedwa kuti ndi ofanana, ali ndi cholinga chimodzi, akugwirira ntchito limodzi, ndipo akuluakulu awo akuvomereza.

Kwa ana, njira ina idayambira ku Toronto mu 1996, pamene Mary Gordon adayamba kuitana kholo ndi khanda lake kuti azifika m'kalasi kangapo pa chaka. Ana amakhala mozungulira khandalo, kuliyang'ana, ndi kufunsidwa chimene likumva ndi chimene chawauza zimenezo. Kafukufuku wa pa pulogalamuyi, yotchedwa Roots of Empathy, adapeza kuti ndewu ndi kuzunzana zimachepa m'makalasi otere. Mwana wa kumudzi amene amabereka mng'ono wake kumbuyo tsiku lililonse ali nalo kale khanda lophunzirirapo, chimene chimasowa kawirikawiri ndi wamkulu womufunsa kuti, "Ukuona ngati akulira chifukwa chiyani?" m'malo mongomukalipira kuti amutonthoze. Chimodzimodzinso polanga: mwana wouzidwa kuti ayang'ane nkhope ya mnzake amene wamulanda chinthu amaphunzira zina zimene mkwapulo sungamuphunzitse. Hoffman adapeza kuti kulanga koonetsa mwana zotsatira za zochita zake pa ena kumamera mizu kuposa kulanga koopseza.

Nthano ndi masewero zimagwiranso ntchito yomweyo, chifukwa zimalowetsa munthu m'moyo wa amene sakadakhala naye pansi. Ku Rwanda, patatha zaka khumi chichitikireni kuphana kwa mu 1994, pawailesi padayamba sewero la Musekeweya, losimba za midzi iwiri yoyandikana imene ikukangana chifukwa cha malo. Olemba ake adatsamira pa kafukufuku wa Ervin Staub wa mmene chidani chimakulira pang'onopang'ono mpaka kufika pa kuphana. Elizabeth Levy Paluck adatsatira magulu a omvera kwa chaka chathunthu: ena ankamvera seweroli, ena sewero la zaumoyo. Zotsatira zake, zimene zidasindikizidwa mu 2009, zidaonetsa kuti zikhulupiriro za anthu pa zimene zimayambitsa chiwawa sizidasinthe kwenikweni. Chidasintha ndi zimene ankaona kuti n'zoyenera kuchita pagulu, ndiponso mmene ankamvera za anthu ena monga opulumuka pa kuphanako ndi akaidi. Pomaliza gulu lililonse lidapatsidwa wailesi ndi makaseti kuti ligwirizane kasungidwe kake. M'magulu a sewero la zaumoyo, kawirikawiri wina ankangoti zipite kwa mkulu wa m'deralo, onse n'kuvomera mosakambirana. M'magulu a Musekeweya maganizo otero ankatsutsidwa poyera, anthu ankamvana mbali zosiyanasiyana, ndipo ambiri adagwirizana njira yosungira ndi kubwerekana wailesiyo okha.